Lyall Pendry, Amene Anatseketsa Mgodi

Malemu Bambo Lyall Pendry anabadwa pa 9 Juni 1957 konkuno ku Kurri Kurri. Ine ndikuyankhulane ndine Dulcie, mlongo wawo. Achimwene ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, denga la mgodi linagwera bambo athu n'kuwaphwanya, moti bokosi lawo sitinaloledwe kulitsegula. Kuyambira pamenepo sankafuna kumva za ntchito yongoyerekeza.

Mu 1979 anamaliza maphunziro a miyala ku Newcastle, ndipo mu 1983 anakwatira alamu anga, Mayi Glenys. Ntchito yawo inali yojambula mapu a malasha pakompyuta. Zimene oboola nthaka apeza, ngalande zakale zokumbamo malasha, madzi apansi, zonse ankazisanjikiza pamapu amodzi kuti aone pamene malasha adutsa. Pansi pa nthaka ankapadziwa ngati kuchipinda kwawo, koma mukawatuma kusitolo ankasochera.

Mu 1999 anapeza cholakwika pamgodi umene ankagwirapo ntchito. Mapu akale apapepala anajambulidwa ndi muyezo wakale wa dziko lino, atsopano amayendera setilaiti, ndipo awiriwa amasiyana mamita pafupifupi mazana awiri. Amene analowetsa mapu akalewo m'kompyuta anaiwala zimenezi. Malemu atawongola, anaona kuti ngalande imene anthu ankakumba inatsala pang'ono kuboola mgodi wakale wodzadza madzi. Mabwana atazengereza, iwo anakanena kwa oyendera migodi a boma. Mgodi unatsekedwa, anthu ambiri ntchito inawathera.

Loweruka lotsatira amuna ena a pamgodipo anawadikirira kunja kwa kalabu. Mmodzi anati, "Iwe, kompyuta yakoyo ndiye izidyetsa ana athu?" Anawagwetsa ndi botolo kunkhongo, n'kuyamba kuwaponda ndi majombo a kuntchito. Chibwano chinathyoka, nthiti zinathyoka, diso lamanzere linaphulika. Mano awo ndinatola ndine mumsewu. Apolisi atawafunsa, malemu anati sanaone nkhope ya munthu. Anaziona bwinobwino, enawo anali anzawo a kusukulu.

Chaka chisanathe a boma anaboola pamene panali mgodi wakale uja, ndipo madzi akuda onunkha anatumphuka mpaka kugwetsa makina. Palibe amene anabwera kudzapepesa.

Kuvulala kwa m'mutu kuja kunawasiyira matenda akugwa, moti mu 2010 analeka ntchito. Pa 3 Meyi chaka chino anagwa kubafa n'kumenyetsa mutu pansi, ndipo pa 6 Meyi anatisiya m'chipatala.

Asiya mkazi, ana awiri, Shane ndi Kerryn, komanso zidzukulu zitatu. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, a mpingo, ndi nonse amene mwatikhazika pamavutowa.

Sabata ino anayi mwa amuna amene anawamenya aja anafika kwa alamu kudzapempha kuti anyamule bokosi. Ine ndinakana, ndipo sindibisa, mtima ukundiwawabe. Koma alamu avomera, mawu ndi awo. Ndiye bwerani kutsogolo kuno, abambo inu. Munali m'gulu lokumba ngalande ija, ndipo imvi muli nazozi ndi zidzukulu mwabwera nazozi munazipeza chifukwa cha munthu wagona apayu. Gwirani zolimba, musawagwetsenso.

Achimwene, mzimu wanu uuse mumtendere.