Mwala wa Mayi Womupeza

Pa benchi ya chipatala cha maso, mayi wina wachikulire anapatsira foni bambo amene anakhala naye pafupi.

"Pepani bambo, andithira mankhwala m'maso. Tandiwerengereni uthengawu, wachokera kwa mwana wanga."

"Akuti komiti yavomera, mwala uja tsopano uzitchedwa dzina lanu. Mwala wanji, mayi? Wa pamanda?"

"Ayi, ndikadali moyo ine. Ndi miyala ija imazungulira dzuwa kumwambaku. Iyeyo ntchito yake ndi kuisaka ndi makina oonera kutali. Umenewu anaupeza kalekale, koma unkangodziwika ndi nambala ngati mkaidi."

"Bwanji osautcha dzina lake lomwe?"

"Akuti munthu sadzitcha yekha. Woupezayo amasankha munthu wina, n'kulemba chifukwa chake."

"Chifukwacho chilipo m'munsimu. Ndiwerenge?"

"Werengani pang'onopang'ono."

"Akuti, 'Telala wosoka mayunifolomu a sukulu, amayi anga, amene anandiphunzitsa kuyang'anitsitsa zinthu zazing'ono.'"

"Imani kaye. Pambuyo pa mayunifolomu walemba kuti chiyani?"

"Amayi anga."

"Sindinabereke ine mwanayu, bambo. Ndinamupeza ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mayi ake atamwalira. Mpaka lero amandiitana kuti anti, ndipo sindinamukakamizepo."

"Ndiye apa palibe anti. Tengani kampango aka, mupukute m'masomo."

"Musadandaule, ndi mankhwalawa."

"Chabwino, mayi, ndi mankhwala. Koma anesi akukuitanani pakhomo apo."

"Adikire kaye anesiwo. Tabwerezani pomwe paja."