Kawailesi ka Mayi Walburga

Malemu amene agona patsogolo pathupa, mayi Walburga Steinlechner, anabadwa pa 9 Febuluwale 1961, m'nyumba ya kumtunda kwa mlatho m'mudzi mwathu muno mu Tirol. Anali oyamba mwa ana atatu a banja la Gstrein. Ine ndikuwerengane ndine Vinzenz, mlongo wawo, mzime. Bambo mfumu, abale ndi anansi, mundipirire. M'mbiri muno muli ndime imene abanja sanaione. Ndimeyo ndi yanu alamu, a Alois, amene simunadye chiyambire Loweruka lija chifukwa cha bodza limene ndinakuuzani ine.

Malemu anayamba sukulu mu 1967. Nyengo yozizira ankatsikira kusukuluko pa masikii, timatabwa tovala kumapazi totsetserekera pa chipale chofewa, ndipo ine nditakula pang'ono ankandikoka ndi chingwe ngati kamwana ka ng'ombe. Mu 1981 anamaliza maphunziro a uphunzitsi ku Innsbruck, nabwerera kudzaphunzitsa konkuno mpaka kupuma mu 2023. Ambiri mwakhala m'tchalitchi munonu munalawapo liwu lawo. Sankamenya mwana, ayi ndithu, koma akakuyang'ana pamwamba pa magalasi unkaulula ndi zimene sanakufunse zomwe.

Pa 14 Meyi 1983 anamanga banja ndi a Alois, kalipentala wathu. Alamuwa bondo linawakaniza mapiri kalekale, koma chipale choyamba chikangogwa ndiwo ankapaka phula masikii a akazi awo, kukonza zikopa zomata kunsi kwa masikiiwo pokwera phiri, ndi kuika mabatire atsopano m'kawailesi ka pachifuwa, kothandiza kupeza munthu akakwiririka m'chipale. Zaka zonsezi sanaphonyepo.

Mu 1994 malemu anayambitsa gulu lathu la Loweruka, lokwera mapiri pa masikii kutali kumene kulibe makina onyamula anthu ngakhale njira yosalazidwa. Iwo patsogolo kuswa njira, ife pambuyo wefuwefu. Pamwamba ankagawa buledi wakuda ndi nyama yowamba, uku akutinena: "Amuna onsewa, kutsalira gogo? Manyazi mulibe?"

Mwambo wa poyambira ulendo mukuudziwa. Mtsogoleri amaika kawailesi kake pomvetsera, ife n'kumadutsa mmodzimmodzi kuti amve ngati kathu kakuitana. Akatha amakabweza kake poitana, ndipo womaliza kudutsa amayenera kumuyesa iyenso. Womaliza ndinali ine nthawi zonse. Chaka china nditawaimitsa kuti ndiwayese, anaseka nkumati, "Iwe Vinzenz, ndinakusintha matewera ine, lero ufuna undiyese mayeso?" Anthu anafa nalo phwete. Iwo ankangocheza, koma ine zinandilowa, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndinasiya. Anzathu ena atatu a m'gululo anali ana awo a sukulu akale, ndiye ndani akanayerekeza?

Loweruka pa 1 Malichi 2025 tinanyamuka anthu asanu cha m'ma 7 koloko m'mawa. Mphepo inali yoluma. Malemu anatiyesa tonse, natseka jekete. Ndinawaona akutseka, ndipo maganizo anandifikira akuti kodi kawailesi kawo akabweza poitana? Koma kuti ndiwayese ndinayenera kuvula magolovesi, ndipo zala zinali zitauma kale. Ndinati basi, achemwali saiwala. Palibe chifukwa china chimene ndingakupatseni, abale anga. Ndinaopa kuzizira kwa zala.

Itangokwana 11 koloko tinafika pa chitsetse cha pansi pa mpata wa phiri. Malemu anati, "Imani pamwalapa, ndiyambe ine. Ndikakweza ndodo muzibwera mmodzimmodzi, osati ngati nkhosa." Atafika pakati tinamva kuti phuu, chipale chonse chinang'ambika pamwamba pawo n'kutsika nawo. Chigumukire chitaima tinaika mawailesi athu pomvetsera. Kunali zii. Tinabaya ndi ndodo zofufuzira, tinakumba ndi mafosholo malo olakwika, tikuitana dzina lawo, mpaka helikopita inabwera ndi galu. Galuyo ndiye anawapeza patatha mphindi makumi asanu, pafupi ndi pamene tinaponda kangapo, pansi posafika ndi mita imodzi yomwe. Sanathyoke paliponse. Patsogolo pa nkhope anali atadzipangira kamphako kopumira, monga ankatiphunzitsira. Anachita zonse zoyenera, n'kumatidikira.

Powamasula jekete, dzanja langa ndilo linafika pa kawailesi. Kanali koyaka, kali pomvetsera. Anaiwala kukabweza, ndipo n'kamakedzana, kosabwerera kokha. Ndinakazimitsa n'kukaponya m'thumba mwanga, anzathu osaona.

Madzulo ake, alamu, munandigwira dzanja pakhomo panu n'kufunsa kuti, "Nanga kawailesi?" Ine ndinati, "Kanazima, kapena mabatire anatha." Ndinkadzinamiza kuti ndikuteteza dzina la achemwali, anthu asamati aphunzitsi anaiwala. Bodza lenileni! Ndinkadziteteza ndekha, ndipo katundu wanga ndinakusenzetsani inu. Masiku asanu ndi limodzi ndakuonani mutakhala m'chipinda chanu chopalira matabwa, mukutembenuza paketi ya mabatire, mukufunsa ana ngati munagula akale. Ndinkabwera kudzapepesa maliro, n'kumwa khofi wanu, n'kubwerera kukamwa kuli kotseka. Ndachita manyazi osaneneka. Apolisi ndinawauza bodza lomwelo, ndipo mawa ndikupita kukalikonza.

Malemu asiya amuna awo a Alois, ana awiri, Severin ndi Kordula, zidzukulu zitatu, mng'ono wawo mayi Notburga, ndi mlongo mmodzi, ngati abanja angandiwerengebe pambuyo pa lero.

M'malo mwa banja ndikuthokoza a gulu lopulumutsa anthu m'mapiri ndi galu wawo, oyendetsa helikopita, Bambo mfumu, a kwaya amene malemu ankawadzudzula kuti amakoka nyimbo, amayi amene akhala akubweretsa supu kunyumba, ndi anyamata amene aswa nthaka youma ndi chisanu kumandako. Anzanga atatu a Loweruka lija, mwamva lero pamodzi ndi aliyense. Pepani.

Achemwali, munatidikira ndipo tinachedwa. Mzimu wanu uuse mumtendere, Chauta akulandireni.

Alamu, kawailesi kaja ndabwera nako, ndi aka. Ndakayatsa m'mawa uno ndipo kakuyaka bwinobwino. Mabatire anu anali abwino. Inu simunalakwe kanthu. Mukafuna kundithamangitsa pakhomo panu mundithamangitse, sindidzadandaula. Koma tikachoka kumanda, chonde mukadye.