Malaya Opanda Fumbi

Aulutsi, ndine mayi wa ku Dowa. Amuna anga amakonza makina oziziritsa m'maofesi, aja timati eyakoni. Akatsuka masefa a makinawo amabwera atatuwa mbuu, fumbi mpaka m'makutu.

Chiyambireni Juni, Loweruka lililonse akumapita ku Dzaleka. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, kuzizira konseku, akufuna eyakoni ndani?"

Iwo anati, "Makina timatsukiratu nyengo yozizira, asanafunike."

Mwina n'zoona. Koma akumabwerako malaya ali oyera, akununkhira sopo amene ine sindigula. Loweruka lathali atachoka, ndinapeza burashi yotsukira masefa ili pansi pa bedi.

Amayi anzanga, kale ndinkadandaula pochapa malaya amenewa. Lero ndikulirira fumbi lija.