Foni Inandithawitsa pa Maliro a Alamu Anga

Abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Muli bwanji kumeneko? Ine ndili bwino, bondo lokhali ndi limene limandikumbutsa zaka. Dzina langa ndine Edina, koma kuno ku Lirangwe amangoti aNangondo. Sukulu sindinaiponde, ndiye akulemba izi ndi mdzukulu wanga Tadala, wabwera ku holide. Ndamuuza kuti alembe momwe ndikulankhuliramu, asakonze. Iwe lemba, usandiyang'ane.

Amuna anga anamwalira kalekale. Mwana ndili naye mmodzi, Linesi, mayi ake a Tadala yemweyu, ndipo ali ku Joni pa ntchito. M'mimba mwa amayi athu tinatsala awiri basi: ine ndi achemwali anga aFanesi, amene anakwatiwa ku Chileka. Mwezi sunkatha osaonana. Mwezi uno ine ndapita ndi nandolo, mwezi winawo iwo abwera ndi chinangwa. Tikakhala pa mkeka kwawoko, ndege ikamadutsa, ankati, "Edina werama, ikuchotsa duku." Nkhalamba ziwiri kumaseka ngati ana.

Ndiye Linesi ananditumizira foni. Yayikulu, yopalasa ndi chala, yoti munthu ukumuona nkhope. Mwezi ndi mwezi ankandiikira bandulo ali konko. Anati, "Amayi, iyi ndi yosatha. Lankhulani mpaka mutope." Abale, ndinavina! Mwana wanga ndikumuona, mpaka kumudzudzula kuti waonda.

Tsiku lina anabwera neba wanga, amake Pempho, wogulitsa tomato pamsika. Amuna ake nawonso ali ku Joni. Anati, "Agogo, bandulo yanga yatha, ndipaleko moto."

Ndinati, "Moto uli kukhitchini, tenga phale."

Anaseka. "Ayi agogo, moto wa m'foni mwanumu. Amati hotisipoti. Ndikadina apa, foni yanga ikumwa kwa yanu. Yanu siitha."

Tsono inu mukudziwa mmene tinakulira. Munthu akabwera ndi phale kudzapala moto, sum'funsa mafunso. Umam'kankhira khala, nkumufunsa kuti ana adzuka bwanji. Ndinati pala mwanangu. Anadina, analankhula ndi amuna ake, anachoka akumwetulira. Mtima wanga unayera.

Mawa lake anabwera ndi mng'ono wake. Mkuja mng'ono uja anabwera ndi anzake. Nambala yachinsinsi yotsegulira moto wa m'foniwo inayenda mudzi wonse, mpaka anyamata a njinga zamoto pa siteji ankaidziwa pamtima. Foni ndinaisokera kathumba, nkuipachika pa msomali pakhonde. Khonde langa linadzaza! M'mawa anthu, masana anthu. Anandipatsa ndi dzina, Gogo Netiweki. Wina wandisesera pabwalo, wina wanditungira madzi. Ine ndinkawaphikira mbatata, mphika wathunthu. Ndikuwasimbira nkhani zanga, iwo mitu pansi, kenako phwa kuseka. Ine mumtima nkumati, eya, nkhani zanga zimakoma. Osadziwa kuti akuseka za m'mafoni mwawo. Tadala, usaseke, lemba.

Ku Chileka ndinasiya kupita. Ndinkati ndikachoka ndi foniyi, anthu anga akapala kuti moto? Kuisiya, ayi, ingabedwe. Achemwali anabwera kamodzi, anapeza khonde lodzaza, anasowa ndi pokhala pomwe. Anandifunsa, "Onsewa ndi abale ako?" Ndinayankha monyada, "Amandikonda." Anangoti, "Oo."

Kenako alamu anga aJailosi, amuna awo a achemwali, anamwalira. Uthenga unandipeza masana. Ndikanayenera kunyamuka pompo, kukagona pa siwa pambali pa mbale wanga. Sindinapite. Ndinapita m'mawa mwake, tsiku loika, foni ili m'kathumba pachifuwa. Tili pakati pa nyimbo, iyo njenjenje. Tili panjira ya kumanda, njenjenje. "Agogo, mubwera nthawi yanji?" "Agogo, ndili ndi zofunika." Ine kumadzimva kuti ndine munthu wofunika kwambiri.

Titachoka kumanda, achemwali anandigwira chitenje. Maso atatupa. Anati, "Edina, ugona eti?"

Abale ndi alongo, apa ndi pamene ndinachimwa. Ndinati, "Achemwali, ndasiya nkhuku zosatsekera."

Nkhuku zake ziti? Zinatha ndi chitopa chaka chathacho, ndipo iwo ankadziwa. Anasiya chitenje changa pang'onopang'ono. Ndinakwera minibasi, nkubwerera ku khonde langa. Miyezi isanu inadutsa. Iwo osabwera, ine osapita. Kafoni kakang'ono anali nako, koma ndinkachita manyazi kuimba.

M'miyezi imeneyo foni inkalira mauthenga achingerezi. Ndikawapatsa a pakhonde kuti andiwerengere, ankati, "Aa, ndi zotsatsa malonda izi agogo, zisiyeni." Ndinazisiya.

Lachiwiri lina m'mawa ndinangomva, "Agogo, yakana." Uyu wadina, uyo wadina, azimitsa, ayatsa. Wina anaikweza mu mtengo wa mango. Yakana basi. Pofika masana khonde linali mbee. Mbatata zinatsala mumphika, ndinadya ndekha masiku awiri. Ndinkati mawa abwera. Mawa linafika, kunabwera mbuzi yokha.

Sabata yomweyo malungo anandigwira. Masiku atatu ndili pa mphasa, ndowa ilibe madzi. Ndinkamva anthu akudutsa panjira, mawu awo ndikuwadziwa, omwe aja ankadya mbatata zanga. Palibe anakhota kudzati odi. Ndinakwawa ndekha kukapempha madzi kuseri kwa nyumba ya eni. Ndinalira, abale. Ndinati Ambuye, anthu onse aja apita kuti? Gogo Netiweki uja ali kuti?

Nditapeza bwino, mkwiyo unandigwira. Ndinati a kampani ya mafoniwa andimva. Ndinavala chitenje cha kutchalitchi, ulendo wa m'tauni, mpaka pa shopu yawo. Ndinapeza mtsikana waulemu wake, anandipatsa mpando. Anayang'ana pa makina ake nkupukusa mutu.

"Agogo, bandulo imeneyi ndi ya foni imodzi, yanuyi. Inu mumagawira mudzi wonse. Tinakutumizirani mauthenga kangapo konse okuchenjezani."

Ndinati, "Mwanangu, kwathu munthu akadzapala moto sitimukaniza. Ndipo wanga suzima ayi."

"Uwu si moto wa nkhuni, agogo."

"Nanga munati yosatha bwanji?"

"Yosatha kwa inu nokha. Kugawako tatseka, ndipo si inu nokha, tikutsekera onse ochita zimenezi. Koma foni yanu ikugwira bwinobwino. Imbirani aliyense amene mukumufuna."

Ndinatuluka ndikung'ung'udza. Koma mawu omaliza aja ananditsatira mpaka mu minibasi. Aliyense amene mukumufuna. Ndikufuna ndani ine? Ndinawerenga a pakhonde aja mmodzimmodzi, palibe. Mtima unangoima pa munthu mmodzi.

Titafika pa Kameza, pamene msewu wa ku Chileka umapatukira, ndinamva kondakitala wa minibasi ina akukuwa, "Chileka! Chileka wopita!" Abale, ine ndimati anali Mulungu amene anabwereka pakamwa pa mnyamata ameneyo. Ndinamenya chitseko. "Nditsitseni!" Kondakitala wathu anati, "Agogo, si mwati Lirangwe inu?" Ndinati, "Ndasintha, tsegula."

Ndinafika chimanjamanja, opanda ndi nandolo yemwe. Achemwali anali pansi pa mtengo, akutong'ola chimanga. Ataonda. Anandiona ndikubwera, sanaimirire. Ndinagwada patali, bondo lowawali ndinaliiwala.

Anati, "Nkhuku zija watsekera?"

Ndinati, "Achemwali, nkhuku kunalibe."

"Ndikudziwa. Nanga abwana ako a m'kathumba aja wabwera nawo?"

"Ndabwera nawo, koma awachotsa udindo."

Ndinawafotokozera zonse, za khonde, za mbatata, za malungo, za mtsikana wa pa shopu. Ankangotong'ola chimanga. Nditamaliza anati, "Tsiku lija ndinakuyalira mphasa pafupi ndi yanga. Amayi a mpingo ankafuna kugonapo, ndinawakaniza, ndinati apa ndi pa mng'ono wanga. Inakhala yokha mpaka kunacha."

Ndinalira ngati maliro ayamba tsiku lomwelo. Ndinalirira alamu anga, amene sindinawalire bwino. Ndinati ndikhululukireni, ndinagulitsa mbale wanga chifukwa cha dzina la Gogo Netiweki. Anandisiya ndilire mpaka nditope. Kenako anandikankhira lichero. "Tong'ola, misozi siitong'ola chimanga. Mphasa ija ikadalipo. Lero ugonapo."

Ndinagonapo masiku asanu ndi awiri. Aleluya!

Lamulungu lake tinamuimbira Linesi. Tinapanikiza mitu pamodzi kuti atione tonse. Iye anati, "Amayi, ndikungoona makutu awiri ndi mtengo!" Ndinamuuza zonse. Anandikalipira pang'ono chifukwa cha nambala yachinsinsi ija, koma atawaona amayi ake aakulu, analira nayenso.

Lero moyo wanga uli chonchi. Mwezi uno achemwali ali kuno ku Lirangwe, mwezi wamawa ine ndili ku Chileka. Pamene ndikulankhula pano ali apo akusenda chinangwa, akuti ndisaiwale kunena kuti ndine wamakani. Lemba zimenezo Tadala, asangalale. Amake Pempho anabwera ndi tomato m'mbale kudzapepesa za mauthenga aja. Anati ankaopa kuti ndikadziwa ndiwatsekera. Ndinawakhululukira, poti nanenso ndinakhululukidwa. Akafuna kulankhula ndi amuna awo, ndimawapatsa foni yeniyeniyo m'manja, amakhala pa mkeka, akamaliza timacheza. Moto sindinaleke kupatsa anthu, koma wopala azilowa ndi odi, tionane nkhope.

A kampani aja sindiwakwiyiranso. Mawu akuti yosatha aja ndimawadandaulabe pang'ono, akanatiuza bwino m'Chichewa. Koma akanapanda kutseka, bwenzi ndikadali pakhonde paja, ndikuphikira mbatata mitu yowerama, mbale wanga akukalamba yekha ku Chileka.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditsitsa pa Kameza. Ndikuthokoza achemwali anga chifukwa chosunga mphasa ija. Ndipo iwe mlongo, iwe mbale amene ukumva izi, ngati pali wina anakuyalira mphasa iwe nkuthawa, usadikire kuti foni ikane. Kwera minibasi lero.

Msomali uja ukadali pakhonde. Pano pamakhala ambulera ya achemwali.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.