Supuni Yoyamba ya Bana Mwape

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ine ndine Nabanda wa ku Nakoli, gogo uja amakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Ndimakhala pamenepo kuti ndiziona wolowa ndi wotuluka. Ndi mmene ndilili.

Amuna anga anachokera ku Dedza, nadutsa malire kudzagwira ntchito pamgodi kuno. Atamwalira, tinatuluka m'nyumba ya kampani. Mwana wanga wamkazi naye anatsatira bambo ake, n'kundisiyira mdzukulu, Tiyamike, asanayambe n'komwe sukulu. Anthu ananong'ona zambiri za imfa ziwirizo. Ine ndinangolumbira kuti chakudya cha m'manja mwa munthu sindidzadyanso. Inunso mukudziwa, amene waima naye pamzere wa ufa ndi yemweyo amakakunenera kwa anyamata a chipani kuti ulibe khadi. Ukhulupirire ndani?

Kenako chifuwa chachikulu chinandigwetsa. Mankhwala a kuchipatala amafuna chakudya, koma mphamvu yoyatsa mbaula ndinalibe. Achibale anandipatulira kapu, mbale ndi supuni, basi n'kusiya kubwera. Ndikayang'ana Tiyamike ndinkadzifunsa kuti ndikapita atsala ndi yani.

Ndiye kunabwera bana Mwape, mayi wa Chibemba woyandikana nafe. Mpingo wake wina, chinenero china, ndipo moni wanga anali asanaulawepo. Anatula phala la nsinjiro pakhomo n'kupita. Ine phalalo ndinathirira nkhuku, n'kumaiyang'ana kuti ife. Sinafe. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Ine ndi mwana tinkangotafuna chinangwa chachiwisi.

Tsiku lina bana Mwape analowa osaodira, nakhala pamphasa panga pamene achibale ankaopa.

"Ba mayo, nkhuku yanu yanenepa, koma imwe mwayonda."

Ndinati, "Mukufuna chiyani kwa ine? Ndilibe chokubwezerani."

"Nifuna chabe mudye."

Anatenga supuni yanga yopatulidwa ija, natapa phala, naika m'kamwa. Ndinamugwira dzanja, koma mochedwa. "Mayi, mutenga matenda!"

Anameza, n'kundipatsa supuniyo. "Manje tili awiri. Idyani."

Abale anga, zaka zonsezo ndinkaopa anthu. Tsiku limenelo ndinaopera munthu. Ndinadya. Misozi inkagwera m'phala, koma ndinadya. Sanandilalikire, sanandiitanire kumpingo kwake. Ankangobwera, n'kudya supuni yoyamba, mpaka ndinadzuka. Mulungu anamuteteza, sanadwale. Yesu uja anakhudza wakhate ndinkangomumva m'Baibulo; ine anandipeza atamanga chitenje chakutha, akulankhula Chinyanja chokhota.

Lero ndikuthokoza Mulungu. Tiyamike ali pasukulu, ine ndikugulitsa tomato pakhomo. Sindikunamizani, chitseko ndimakhomabe ndi loko, ndipo ambiri a inu ndimakuyang'ananibe kawiri. Koma ndikamva kuti kwinakwake wina wapatuliridwa mbale, ndimaphika phala n'kupita. Ndikafika sindifunsa kuti ndi wa mpingo uti. Ndimakhala pamphasa pake, ndipo supuni yoyamba ndimadya ine.

Ambuye alemekezeke. Amen.