Ankanditama kuti ndine wodzisunga, pomwe ndinkabisa matenda

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Nkhani yangayi ndi yochititsa manyazi, koma ndiinena ndithu. Ine ndinabadwa ndi vuto la chikhodzodzo. Anandichita maopaleshoni ndili mwana, komabe mkodzo umangodontha, ndipo kumaliseche kwanga kuli zipsera, sikuoneka ngati kwa amuna anzanga. Munthu wamkulu ndevu pepeya, ndimavala thewera.

Kusukulu ku Chilomoni anzanga ankagwira mphuno ndikamadutsa. Ndinakula ndikudana nalo thupi langali.

Nditapalana ubwenzi ndi Tiyamike, mtsikana wa m'kwaya yathu, ndinamuuza kuti tidzisunge mpaka ukwati. Zaka zitatu, ngakhale kumukumbatira komwe, ayi. Kutchalitchi ankauza achinyamata kuti atengere ine. Koma sichinali chiyero chimenecho, anali mantha.

Atalengeza ukwati wathu kachiwiri, nsima inasiya kulowa. Kuulula ndinkalephera, kumusiya ndinkalepheranso, poti ndinkamukonda. Ndinafika popemphera kuti Mulungu angonditenga tsikulo lisanakwane. Inde, ndinapempha imfa, ine mwana wa kwaya.

Kenako a Mbewe, mkulu wa mpingo amene amalangiza amuna ofuna kukwatira, anandiitanira kwawo ku Zingwangwa. Bambo amene aja sapita m'mbali polankhula. Atangoyamba za kuchipinda, ndinalira ngati pamaliro, n'kuulula zonse.

"Mwana wanga, matenda si tchimo," anatero. "Koma kulowetsa mwana wa eni m'banja asakudziwa, limenelo ndiye tchimo. Umuuze mawa pompano, ine ndikhala pakhondepo."

Ndinamuuza Tiyamike. Anayamba kugwetsa misozi. "Ndiye zaka zonsezi ine ndimadziyang'ana pagalasi, kumati mwina sindikusangalatsani," anatero. Mawu amenewo anandilasa mtima. Pobisa bala langa, ndinali nditamuvulaza iyeyo.

Anapempha sabata imodzi kuti aganize. Mmene ndinaikhalira sabata imeneyo musandifunse. Lachisanu anandipeza n'kunena kuti, "Tiyeni kwa dokotala limodzi, ndikadzifunsire ndekha mafunso anga."

Lero tili pabanja. Sindinachire, ndipo masiku ena manyazi amabweranso, koma mkazi wanga anandiona mmene ndililimu ndipo sanachoke. Ndikuthokoza Mulungu. Inu amene mukulira nokha ndi thupi lanu, musafe nacho mumtima. Limbani mtima, pezani munthu mmodzi yekha woti mumuuze.