Anati Ndinaba Pampu

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, inu a kuno ku Chongwe ndi ena onse amene muwerenge mawuwa. Ine ndine Njobvu, makanika. Sindine munthu wa mawu okoma, ndipo ondidziwa akuuzani kuti mtima wanga uli pafupi. Koma abusa andipempha kuti ndilembe zimene Mulungu anandichitira pamene anthu amene ndinkapemphera nawo ananditcha mbala. Ndilemba monga zinachitikira. Wokhumudwa akhumudwe.

Zinachitika chitangopita chilala chachikulu chija, pamene tinkadya chimanga chachikasu ndipo ng'ombe zinkagwa panjira yopita kumadzi. Ine anali atandichotsa ntchito ku garaja ya kampani ina ku Lusaka, ndiye ndinabwera ndi banja kudzakhala pa kamunda pafupi ndi Palabana. Alimi a ng'ombe za mkaka a kumeneko anali ndi kopaletivi yawo, ndipo anagwirizana kukumba damu kuti ziweto zisadzafenso ndi ludzu. Munthu wina wakufuna kwabwino anawapezera kaloda kakale, kamakina kakang'ono kokumbira ndi kunyamulira dothi, koyenda pa malamba m'malo mwa matayala. Anthu anakatcha Kafulu. Anandipatsa ine kuti ndizikayendetsa ndi kukasamalira.

Kafulu alibe chiwongolero ngati galimoto. Ali ndi ndodo ziwiri, ya lamba wakumanzere ndi ya lamba wakumanja. Lamba aliyense ali ndi pampu yake yomwe imakankha mafuta a haidiroliki kupita ku mota yake. Malamba onse akamathamanga mofanana, makina amapita molunjika. Wina akafooka, makina amakhotera mbali ya wofookayo.

Ntchito inayenda bwino mpaka m'nyengo yotentha. Kenaka Kafulu anayamba kukhotera kumanzere. Poyamba zinali pang'ono, ndinkangomubweza ndi dzanja. Pambuyo pake zinafika poti ndikafuna kukatula dothi pakhoma la damu, iye n'kumazungulira pamodzimodzi ngati nkhuku yodwala chitopa, anthu n'kumaseka. Ndinaona malamba, anali okungika mofanana. Ndinaona zitsulo zolumikiza ndodo zija ndi pampu, sizinatayike. Mafuta anali okwanira. Ndiye ndinachita zimene makanika aliyense wodziwa ntchito amachita. Ndinasinthanitsa mapaipi, akumanzere kupita kumanja, akumanja kupita kumanzere, ndipo vuto linasamukira ku lamba winayo. Apo ndinadziwa kuti mota zonse ndi zabwino, matenda ali ku pampu imodzi.

Ndinapita kwa atcheyamani a komiti, bambo Malupande, n'kuwauza kuti vuto lili ku pampu, andilole nditsegule. Mawu amenewo ndi amene anandipachika. Mlungu wapitawo ndinali nditakwera minibasi kupita ku Lusaka kukafuna fyuluta ya mafuta, yomwe sindinaipeze, ndipo ndinanyamula thumba la mtedza la mlongo wanga wa ku Kalingalinga. Wina anaona thumbalo. Pofika madzulo mtedza uja unali utasanduka pampu m'kamwa mwa anthu. Nkhani inali yoti Njobvu wachotsa pampu yabwino, wagulitsa m'tauni, waikamo yakutha, ndipo akufuna kutsegula kuti abise umboni.

Anandiitanira ku msonkhano pansi pa mtengo. A Malupande anayankhula mofatsa ngati akundichitira chifundo.

"Ba Njobvu, ise sitifuna kukuchititsani manyazi. Vomerani chabe, mupepese, muchoke bwinobwino. Mukakana, nkhani iyenda ku polisi ku Chongwe."

Ndinaimirira. Ndinawauza kuti thumba linali la mtedza, ndipo ngati mwa iwo muli munthu woti anganyamule pampu ija paphewa n'kukwera nayo minibasi, abwere ndimuone. Ndinawauzanso zina zimene abusa andiletsa kulemba. Ndinamaliza ndi kunena kuti sindipepesa chinthu chimene sindinachite, kaya abweretse apolisi a dziko lonse. Anandilanda kiyi ndi bokosi la zitsulo la kopaletivi, n'kulamula kuti ndisakhudzenso Kafulu.

Masiku otsatirawo anali owawa. Mkazi wanga, amake Tisa, akakhala pabenchi kutchalitchi, azimayi ankasendera kutali. Pachigayo ankasiya kuyankhula iye akafika. Tsiku lina anandigwadira akulira, akuti ndingovomera tichoke, tikayambe kwina. Ndinamufunsa kuti kwinako tikafika ndi dzina liti. Ine chuma ndilibe. Chimene ndili nacho ndi manja awa ndi dzina loti Njobvu akakonza chinthu chakonzeka, ndipo sabera munthu. Ndikanavomera, ana anga akanakula ali ana a mbala.

Choncho m'mawa uliwonse ndinkapita ku damu n'kukhala pa mulu wa dothi moyang'anana ndi Kafulu. Sindinkamukhudza. Ndinkangofuna aliyense aone kuti sindinathawe. Koma kunena zoona, m'kati ndinali nditatha. Mitambo inali itayamba kusonkhana masana, khoma la damu lili theka, ndipo ndinkadziwa kuti mvula ikagumula khomalo, mlandu udzakhalanso wanga. Choipitsitsa n'chakuti inenso sindinkadziwa chimene chinafooketsa pampuyo.

Tsiku lina dzuwa lili pamutu ndinapemphera. Silinali pemphero lokongola. Ndinati, "Mulungu, inu munaliona thumba lija. Mukudziwa kuti munali mtedza. Nanga mwakhaliranji chete? Ine sindikupemphani kuti muwakanthe, ngakhale ndikanakonda. Ingondionetsani chimene chikuvuta makinawa. Mukatero zinazo ndithana nazo ndekha." Ndinati ameni ndili wokwiya.

Sindinamve mawu kuchokera kumwamba. Chimene ndinamva ndi kulira kwa njinga yopanda girizi. Anali amake Loveness, mayi wamasiye amene ankasunga kiyi wa sitolo ya kopaletivi. Dramu ya mafuta a haidiroliki inkakhala kusitoloko, ndipo popeza paipi ina ya Kafulu inkadontha, mayiwa ndiwo ankandibweretsera mafuta owonjezera m'chitini chotseka. Tsikulo anabwera ndi botolo la munkoyo, chakumwa chathu chija chonga thobwa. Pa anthu onse aja, iwo okha ndiwo anali asanasiye kundipatsa moni.

"Imwani, ba Njobvu. Ukali pa njala uzakupayani."

Ndikumwa, iwo anatulutsa kansalu m'basiketi n'kukayanika pachitsamba. Kanali kansalu koyera kopyapyala kaja kamene alimi a mkaka amasefera mkaka, koma aka kanali kachikasu ndiponso konyenyeka. Ndinafunsa kuti mkaka wanji umene wadetsa nsalu chonchi.

"Aka si ka mkaka, ni ka mafuta yanu," anatero. "Si ndimwe munanikalipira kuti mafuta aya yafunika ukhondo kupambana mkaka? Manje ine nimasefa lyonse nikalibe kubweretsa. Nikatsiriza nimakaphika m'madzi otentha na sopo, monga mwamene anatiphunzitsira pa nsalu za mkaka."

Abale, botolo linatsala pang'ono kundigwa. N'zoona, ndinawakalipira pachiyambi penipeni nditaona fumbi pachivundikiro cha chitini. Ndipo kwa mlimi wa mkaka wa ku Palabana, ukhondo ndi kusefa pa nsalu ndi kuwiritsa nsaluyo. Mayiwa anachita ndendende zimene amachitira mkaka wa ana awo. Ndinatenga kansaluko n'kukapukusa pa buluku langa lakuda. Panatsala tiulusi toyera tambirimbiri.

Ndinathamangira kunyumba kukatenga masipanala anga akale, aja ndinachoka nawo ku Lusaka ogula ndekha. Amake Tisa anandigwira malaya, akuti komiti inaletsa. Ndinati komiti ibwere idzaonerere. Ndinatuma uthenga kwa a Malupande kuti ndikutsegula pampu tsopano lino, masanasana, ndipo amene akufuna kundimanga andipeza komweko.

Pofika iwo ndi gulu lawo, ine ndinali nditagona kale pa injini. A Malupande anakuwa kuti nditsike. Ine ndinangopitiriza ntchito. Pamwamba pa pampu iliyonse pali kabokosi kamene kamalandira lamulo la ndodo, ndipo mafuta olowa mmenemo amadutsa pa kasefa kakang'ono ngati chikhadabo. Ndinamasula kabokosi ka pampu yodwalayo. Kasefako sikankaoneka n'komwe. Kanali katakutidwa ndi chinthu chonga thonje lonyowa. Fyuluta yaikulu inali itadzaza kale n'kuyamba kulambalalitsa mafuta osasefa, ndipo ulusi wonse unkadzaunjikana apa. Pampu inali yomweyo, yamphamvu bwinobwino, koma lamulo la dzanja langa silinkaifikira lonse.

Ndinaika thonjelo pachikhatho n'kuwaonetsa onse mmodzimmodzi. Ndinatsuka kasefako m'dizilo, ndinatsukanso ka pampu inayo komwe kanali katayamba kudzaza, ndinakhetsa mafuta akale n'kuthira ena kuchokera m'dramu mwenimweni. Kenaka ndinatambasula dzanja kwa a Malupande. Anazengereza, koma anthu anali akuyang'ana. Anandipatsa kiyi.

Ndinaliza injini n'kukankha ndodo zonse ziwiri mofanana. Kafulu ananyamuka molunjika ngati watsata chingwe. Ndivomera kuti ndinalunjika kumtengo kumene atcheyamani anaima, ndipo ndinaima pafupi kuposa mmene Mkhristu ayenera kuimira. Chipewa chawo chinagwa.

Atatola chipewa, anayamba kufuna munthu wina woti amupachike. "Nanga thonje iyi inangena bwanji? Ndani anaikamo?"

Ndinaona amake Loveness ali kumbuyo kwa gulu, manja ali pakamwa. Ndinkadziwa chimene anthu awa amachita ndi munthu akamuloza chala, chifukwa ndinali nditachilawa. Ndinati, "Munafuna mbala, mbala palibe. Pampu yanu ndi iyi. Zinazo sindikuuzani, ndipo mukafuna pitani nane ku polisi chifukwa chokana kunena."

Koma mayi uja anadutsa pakati pa anthu, kansalu kali m'manja. "Ni ine," anatero. "Ninasefa monga mkaka. Ndipo pali aliyense pano amene sakanasefa? Imwe ba Malupande, mkaka wanu mumasefa pa chani?"

Kenaka mkulu wina anayamba kuseka, akuti iyenso akanasefa, mwinanso kawiri. Onse anali anthu a mkaka, ndipo aliyense anadziona m'kansalu kaja. Palibe amene anatchulanso za polisi.

Fyuluta inapezeka pambuyo pake kwa mlimi wina wa ku Kasisi, ya thirakitala koma yokwanira bwino. Khoma tinalitseka mvula isanalimbe, ndipo damu lija ng'ombe zikumwa mpaka lero. A Malupande sanapepese ndi pakamwa, ndipo ine sindinawapemphe. Lamlungu lotsatira akazi awo anadzakhala pabenchi limodzi ndi amake Tisa. Kwa ine zinakwanira.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wokwiya. Sanadikire kuti ndiyambe ndafatsa. Ndinapempha kuti andionetse, ndipo anandionetsa kudzera mwa mayi amene ndinamukalipira, atanyamula munkoyo. Ndikuthokozanso mayiyo, amene anaimirira pamene ine ndinali nditamupatsa mpata wobisala.

Iwe m'bale amene akukunamizira lero, ndipo akukuuza kuti ungovomera kuti nkhani ithe, usavomere. Bodza ukalivomera silitha, limasamukira kwa ana ako. Khala pamene aliyense akukuona, pemphera ndi mawu amene uli nawo ngakhale akhale okalipa, ndipo tsegula maso, chifukwa yankho likhoza kufika pa njinga yolira. Kansalu kaja ndinakapempha, ndipo kali m'bokosi langa la masipanala. Wina akadzanenanso kuti Njobvu anaba pampu, abwere kwathu, ndidzamuonetsa mbala yake. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.